Maluwa anga a pa imelo anachedwetsa Esinati

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuvomera. Amene anachedwetsa Esinati, mwana wa mlongo wanga, kulowa sukulu ya unamwino ndine ndemwe, amalume ake, amene ndimamukonda ngati ndinabala ndekha.

Ndimagwira ntchito yaukalaliki pa esiteti ya nzimbe kuno ku Chikwawa. Atatipatsa makompyuta mu ofesi, ine ndinapeza choseweretsa. Kwathu kuno sitidutsa munthu osamupatsa moni, ndiye ndinkati pa imelo ndi chimodzimodzi. Aliyense amene anandilemberapo, ngakhale kamodzi kokha, ndinkamulowetsa pa mndandanda wanga: abusa, anzanga a ku fakitale, ngakhale wogulitsa matayala a thirakitala. M'mawa uliwonse ndinkawatumizira onse pamodzi chilichonse chimene chandifika, kaya zithunzi za maluwa, kaya mankhwala a shuga a adyo ndi mandimu, kayanso makalata aja oti utumizire anthu khumi kuti udalitsike. Palibe anandipempha. Palibenso ankayankha, koma ndinkangoti anthu atanganidwa.

Esinati amakhala ndi mayi ake ku Bangula. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, choncho nkhani zake zonse zimagwera ine. Atakhoza mayeso a Fomu 4, anandipempha kuti ndimufunsire za kalowedwe ku sukulu ina ya unamwino ku Blantyre. Ndinalemba, ndipo mayi wina wa mu ofesi yawo anayankha mwaulemu, n'kutiuza nthawi yotumizira mapepala. Ine ndi khalidwe langa lija, mayiwo ndinawaika pa mndandanda tsiku lomwelo.

Patatha miyezi iwiri tinatumiza mapepala kudzera pa imelo yanga nthawi ikadalipo. Mwanayo anali atayamba kale kuyeserera kumanga chitenje pa bondo la mayi ake ngati bandeji. Tinadikira. Anzake anaitanidwa ku mayeso olowera, iye kuli zii. Pomaliza anakwera minibasi kukafunsa yekha.

Mayi a mu ofesi aja atafufuza anapeza kuti adilesi yanga anaitseka kalekale, atatopa ndi maluwa ndi adyo. Chilichonse chochokera kwa ine chinkangogwera kudzala osatsegulidwa, ndipo mapepala a Esinati anagwera komweko. Anamupepesa, koma mayeso anali atalembedwa kale.

Atabwerako sanandikalipire. Anagwada monga amachitira nthawi zonse, n'kundifotokozera zonse atazolika. Bola akanandilalatira. Ndinachita manyazi aakulu, ndipo mtima unandiwawa kumuona chaka chathunthu akugulitsa nsomba zouma pa msika wa Bangula, padzuwa lathu lija, anzake atavala yunifolomu.

Chaka chino anatsegula imelo yakeyake, anatumiza yekha mapepala, ndipo amutenga. Nditamupempha adilesiyo anaseka.

“Amalume, ndimakukondani, koma iyi yokha ayi. Mukandisowa muzingobwera, ndikuwotcherani mlamba.”

Sindinamuumirize.

Abale anga, musatumizire munthu zimene sanakupempheni, ngakhale mukuchita ndi mtima wabwino. Adilesi imene mwapatsidwa pa nkhani ya ntchito igwire ntchito yomweyo basi. Mukamatumizira aliyense zilizonse, anthu amatopa nanu mwakachetechete, ndipo tsiku limene mudzabwere ndi nkhani yeniyeni mudzapeza chitseko chotseka. Choopsa n'chakuti wotsala panja mwina simudzakhala inu. Mndandanda wanga ndinaufufuta tsiku limodzi, koma chaka chimene Esinati anataya sindingathe kumubwezera.