Mayi Bwezani ndi Biludi 215

Pamwamba pa sitolo ya matayala panali ofesi imene ankapangiramo pulogalamu ya pafoni yosungitsira mipando ya basi. M'menemo munali mayi wina amene onse ankawatcha Mayi Bwezani. Dzinalo linachokera ku ntchito yawo. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala pa desiki yomweyo, pakati pa zenera losatseguka ndi fani yolira ngati ikudwala chifuwa, akuyesa zimene anzawo amanga n'kuwabwezera zikapezeka ndi vuto.

Ntchito inkayenda motere. Omanga akamaliza kulemba, makina ankasonkhanitsa zonse n'kuzipatsa nambala, ndipo chimenecho ankachitcha biludi. Pakhoma panali bolodi logawidwa patatu: Kumanga, Kuyesa, Kwa Anthu. Biludi iliyonse inali ndi kakhadi kake, ndipo kakhadiko sikankalumpha mzere. Kuti kachoke pakati pankafunika siginecha ya Mayi Bwezani. Koma kutumiza biludi kwa anthu inali ntchito ya munthu mmodzi yekha. Iyeyo ankadina batani lomaliza, n'kuimba belu lamkuwa la pafupi ndi khomo, onse n'kuwomba m'manja.

Mwini belu wakale atapuma pantchito, Mayi Bwezani anasoketsa diresi labuluu. Anauza amuna awo, amene ankakonza mawotchi pakhonde la nyumba yawo, kuti: "Bambo, tcherani khutu mwezi wamawa. Belu mudzalimvera pompano."

Koma bwana anapereka belulo kwa Gogoda, mayi wa zaka makumi atatu amene nsapato zake zinkamveka iye asanaoneke. Gogoda yemweyo amene anafika osadziwa ngakhale pobaya kakhadi, Mayi Bwezani n'kumuphunzitsa zonse ngati mwana wobala okha.

"Inu mulibe wolowa m'malo, amayi," anatero bwana. "Ndikakuchotsani pakatipo, atibwezere ndani?"

Mayi Bwezani anamwetulira, nathokoza. Koma kuyambira tsiku limenelo anayamba kuwerenga. Ankawerenga kuti bwana waima kangati pa desiki ya Gogoda, kuti waseka kangati, kuti mpando watsopano wozungulira wapita kwa yani. Lamlungu ankaimba nyimbo ndi pakamwa, m'makutu muli go, go, go. Kunyumba amuna awo analawa ndiwo n'kutsinzina.

"Mayi, ndi mchere uwu, kapena Gogoda uja wagweramo?"

"Idyani, bambo, musandiyambe."

Tsiku loyamba la Gogoda kutumiza biludi linali Lachiwiri, nthawi ya teni m'mawa. Mayi Bwezani anali atayesa biludi 214 masiku anayi, n'kusaina. Pa naini koloko anadutsa kuseri kwa Gogoda atanyamula kapu ya tiyi, maso awo n'kugwera pa kompyuta yake. Biludi yodikira kupita kwa anthu inali 215.

Lamulo la pa ofesipo linali lodziwika: chimene chayesedwa ndicho chimapita, ndipo chikakhudzidwanso, ngakhale pang'ono, chimabwerera pakati. Iwo 215 anali asanaionepo.

Anakakhala pansi mwakachetechete. Mtima unawauza kuti: khalani chete. Ikakaphwanyika kwa anthu, apaulendo awiri akakanganirana mpando umodzi, bwana adzafunsa, ndipo siginecha yanu ili pa 214, yoyera ngati mkaka. Belu lidzafuna mwini wina. Anadzipeza akusalaza diresi labuluu lija pamaondo. Tiyi anazizira. Wotchi ya pakhoma inafika hafu pasiti naini, kenako kota tu teni.

Gogoda anatembenuka, nkhope ili ndi thukuta, n'kuwakwezera chala chachikulu. Anali ndi mantha, ndipo ankayang'ana kwa iwo monga ankachitira chaka chake choyamba. Mayi Bwezani anausa moyo. "Ambuye, mwandiona," anatero chamumtima, n'kudzuka.

Anawerama pakhutu pake. "Iwe, 215 yachokera kuti?"

"Aa, amayi, ndi yomweyo. Dzulo bwana anati batani lolipirira likhale lobiriwira, omanga n'kusintha. Mtundu wokha basi."

"Kakhadi kake kali kuti?"

Gogoda anayang'ana pabolodi, koma kakhadi ka 215 panalibe.

"Ndinakuphunzitsa chiyani ine? Mwana akasintha malaya, umamuyang'ananso m'matumba."

"Ndiye nditani, amayi? Bwana waitana kale anthu."

"Kamuuze wekha kuti belu lilira masana. Nena kuti waona ndiwe. Fulumira, nsapatozo zigwire ntchito."

Mayi Bwezani anaitenga 215 n'kuiyesa ndi njala imene sanayeserepo biludi ina iliyonse. Anasungitsa mpando umodzi pa mafoni awiri nthawi imodzi. Anazimitsa netiweki pakati pa ulendo. Analemba tsiku lomwe kulibe pa kalendala. Chakudya chamasana sanachikhudze. Chinthu chimodzi ankachidziwa, ndipo chinkawachititsa manyazi: sankafufuza vuto kuti ateteze apaulendo. Ankalifuna kuti alinyamule m'manja, apite nalo kwa bwana.

Vuto silinapezeke. Batani linali lobiriwira, china chilichonse chili m'malo mwake. Pa fili koloko anasaina, cholembera chikulemera ngati khasu, n'kukasuntha okha kakhadiko.

Gogoda anadina batani, naimba belu. Bwana anauza onse kuti: "Mwaona maso a Gogoda? Waigwira yekha biludi yosayesedwa!" Onse anawomba m'manja, Mayi Bwezani nawonso anawomba, pang'onopang'ono. Atabwerera pa desiki anapeza kapu ya tiyi wotentha, shuga masipuni awiri monga amakondera. Anaiyang'ana nthawi yaitali asanamwe.

Madzulo anapeza amuna awo akulongedza timasikuluwu m'kabotolo.

"Lalira belu, mayi?"

"Lalira."

"Bwinobwino?"

Mayi Bwezani anavula nsapato n'kukhala pa sitepe. "Biludi ili bwino," anatero. "Koma mwana uja sadziwa kugwira chingwe. Amakoka ndi dzanja lokhota, belu n'kumalira ngati chitini."

"Mukamuphunzitse."

"Chimenecho ayi, bambo. Chimodzi chokha chikhale changa."