Bushi ya m'chitini cha zotaya

A Mudathir, makaniko wa galimoto, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo ku Area 2 ankatchuka kuti giyabokosi yomanga iwo sibwerera. Chizolowezi chawo chinali kutsuka chitsulo chilichonse m'palafini mpaka chiwale, ngakhale choti achitaye.

Lachisanu lina anaphwasula giyabokosi ya galimoto ya a Mahesh, ogulitsa nsalu. Anapeza kuti bushi, kamphete kamene shafuti imazunguliramo, yadyeka. Anaitsuka, n'kuiika pambali pa yatsopano yomwe inali ikadali ndi girizi wa kusitolo, n'kuthamangira kumzikiti. Pobwera anatola yowalayo osaiyesa ndi chala n'kumanga, inayo n'kuiponya m'chitini cha zotaya.

Galimoto inabwerera ikukokedwa, oyilo ali chuchuchu. A Mahesh anaima pomwepo giyabokosi ikumasulidwa.

"Madala, bushi yatsopano n'kudyeka chonchi? Akupusitsani kusitolo!" anatero a Mahesh.

A Mudathir akanatha kuvomera. Anapita pachitini, anavundukula, n'kubweretsa yatsopano ija m'dzanja, maso ali pansi.

Masiku ano amangosintha mabuleki. Giyabokosi ikabwera amailozera kwa ena.