Zitini Ziwiri za Alamu Anga

Alamu anga ndi telala, ndipo mimba yawo imafika pa makina eniake asanakhale pansi. Adokotala atawauza kuti achepetse thupi, anapita kusitolo kukafuna ufa uja amati ukausungunula m'kapu n'kumwa, basi wadya.

Anapeza zitini ziwiri, chotchipa ndi chodula. Anavala magalasi awo olowetsera ulusi n'kuyamba kuwerenga. M'chotchipa munali soya, mkaka ndi shuga. M'chodula munalinso zomwezo, kungoti anawonjezera mayina ataliatali opinda lilime ndi chithunzi cha mnyamata wopanda mimba. Mtengo wake unali wosokera suti yathunthu. Alamu anagula zonse ziwiri kuti aweruze mwachilungamo.

Wotchipa ankamwa m'mawa, wodula masana. Koma poti wodulayo anawapweteka m'thumba, ankangotapa kansonga ka supuni. Chakudya chikafika patebulo, woyamba kusamba m'manja anali iwowo.

Akazi awo, omwe ndi achemwali anga, anafunsa, "Bambo, si paja ufawu ndi wolowa m'malo mwa chakudya?"

"Ukulowa pang'onopang'ono, mayi. Wantchito watsopano sumusiyira shopu yekha."

Posakhalitsa thalauza lawo linayamba kukhwepa, ndipo kasitomala aliyense ankaonetsedwa m'chiuno, afune asafune. Achemwali ndi amene pochapa anapeza kansalu kowonjezera kumbuyo, kosokedwa mwaluso kwambiri.

Lero zitini zija akusungiramo mabatani. Mukawafunsa kusiyana kwake, amayankha osadzutsa mutu: "Chodulachi chivindikiro chake chimatseka bwino."