Kamtanda Pambali pa 7

Sukulu ndinalekezera Giredi 7. Ndinalima thonje ndi nsawa ku Kasenengwa mpaka imvi zinayamba. Chaka chimene mvula inadula msanga ndinasamukira ku komboni ya Nabvutika, kwa mlamu wanga. Ntchito yolembedwa ndinali ndisanaigwirepo.

Anandipezera ndi a Mbewe, wapampando wa mphakati wathu. Tikutuluka m'tchalitchi anati, "A Phiri, ku shedi yogula nsawa akufuna munthu wodziwa mbewu. Manambala mumatha?" Ndinati ndimatha. M'mawa mwake ndinayamba.

Kapitawo anali a Nyirenda, munthu wamfupi wa mawu okwera. Anandipatsa ovolosi, chitsulo chosongoka chobayira matumba, mafomu, ndi mita yoyezera chinyezi. Mlimi akatsitsa katundu, ndibaye thumba pamwamba, pakati ndi pansi. Nsawa zotuluka m'chitsulo ndithire m'kakapu ka mita, nditseke, ndidine batani. Nambala yotuluka pagalasi ndilembe pafomu, moyang'anizana ndi nambala ya thumba. Ikapitirira 8, thumba libwerere likayanikidwe. Nsawa zonyowa zimachita chuku, ndipo chuku ndi poizoni. Zathuzo zinkapita kukapanga chiponde cha ana.

"Mita ndi yokhayi," anatero a Nyirenda. "Ikafera m'manja mwanu, geti ndi ilo."

Sabata yachitatu mita inagwa kuchokera pamulu wa matumba. Galasi linada. Ndinasintha mabatire. Ndinaigogoda. Ndinaiika padzuwa. Zii. Ndinayang'ana geti, ndinakumbukira ana anga akugona pakhonde la mlamu, ndinatseka pakamwa.

Njira ndinali nayo. Nsawa youma ukailuma imathyoka, yonyowa imakakamira kudzino. Ndimadziwanso zimene timachita kumudzi: kuwaza madzi pamakoko kuti kuswa kuphweke. Nsawa zotero kunja zimaoneka bwino, koma khungu limakwinyika ndipo zimanunkha ngati nkhokwe yodontha. Choncho ndinkathira m'kakapu, n'kudina batani kuti oona aone, kenako n'kuponya ziwiri m'kamwa. Zouma ndinkalemba 6 kapena 7.

Vuto linali zokayikitsa. Mlimi ukamubweza amafuna aone yekha nambala pagalasi, ndipo galasi langa linali lakuda. Ndiye ndinkalandira, n'kulemba 7, koma pambali ndinkaika kamtanda kakang'ono. Kanali kanga ndekha. Mwina ndinkalipempherera thumbalo, sindidziwa.

Poweruka a Nyirenda ankajambula mafomu ndi foni n'kutumiza ku ofesi m'tauni. Ndinkati kulibe amene amawerenga. Ndani angakhale pansi kuwerenga ma 7 osatha?

Patapita mwezi ndi theka, lole imene inatenga katundu wathu inabwerera ndi theka la matumba. Wogula anawayeza ku labu n'kupeza chuku. Tsiku lotsatira kunabwera manijala ndi mayi wina wachitsikana, laputopu ili m'khwapa. Onyamula matumba anandinong'oneza kuti ndi mayi Tembo, mwana wa aphunzitsi a ku Mwami. Kale ankamata matikiti pamatumba pa shedi yomweyi. Kenako anapita kukachita digiri yachiwiri, yosanthula manambala a bizinesi, ndipo anali atangomuika mu ofesi mwezi womwewo. Ine ndinali ndisanamuonepo, nayenso anali asanandionepo.

Anaika laputopu pathumba, n'kundipatsa moni mwaulemu.

"A Phiri, mita inafa Lachinayi, sabata yanu yachitatu, musanafike pakati pa fomu. Ndanama?"

Pamene inkagwa panalibe munthu. Ngakhale mkazi wanga sindinamuuze.

"Wakuuzani ndani?"

"Inuyo."

Anatembenuza laputopu. Panali timadontho tambiri. Kumanzere tinali balalabalala ngati chimanga choponyera nkhuku. Kumanja tinandanda mizere iwiri yowongoka ngati yodzala ndi chingwe.

"Dontho lililonse ndi thumba," anatero. "Mita imanena 6.3, 7.8, 5.9. Siisamala zokongola. Kuyambira apa ndi 6 ndi 7 basi. Ndiye masiku atatu a mvula yowaza aja, mashedi ena onse manambala anakwera. Kwa inu nokha kunali dzuwa?"

Onyamula matumba anaseka. Ine thukuta linatsika mpaka m'gambuti. Munthu anakhala pampando m'tauni, osagwira nsawa ngakhale imodzi, n'kuona dzanja langa likunama. Mpaka lero ndikaganiza, tsitsi limaima.

Ndinapita kukatenga mita, ndinaiika pathumba. "Inagwa. Ndinaopa."

"Vulani ovolosi!" anakuwa a Nyirenda. Manijala anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinayamba kumasula mabatani.

"Dikirani kaye," anatero mayi Tembo. "Funso limodzi. Timitanda iti n'tachiyani? Poyamba ndimayesa bolopeni ikudontha. Ndinatsala pang'ono kutifufuta, koma kusukulu anatiphunzitsa kuti usanafufute kanthu, kafunse amene analemba."

"Dzino," ndinatero.

"Dzino?"

Ndinabaya thumba limodzi la obwerera, ndinamupatsa nsawa. Analuma. Ndinamupatsa ina youma. Analuma. Anandituzulira maso, kenako anatulutsa pepala la ku labu.

"Gwirani mafomu anu. Ine nditchule nambala ya thumba limene lakanidwa, inu munene chimene chili pambali."

Anatchula. Ndinatsata ndi chala. Kamtanda. Anatchula ina. Kamtanda. Ina. Kamtanda. Pa matumba onse obwerera, awiri okha analibe kamtanda. Nanenso sindinkadziwa kuti zingatero.

Manijala anafunsa, "Ndiye mukuti chiyani, mayi? Tisunge wabodza?"

"Ndikuti muli ndi mita yakufa ndi munthu wodziwa nsawa. Mukachotsa munthuyo mutsala ndi mita yakufa. Ndipo wobwera pambuyo pake, mukamuonetsanso geti tsiku loyamba, nayenso adzabisa."

A Nyirenda anayang'ana nsapato zawo.

Ndinayesa kuti zatha, koma mayi Tembo anatembenukira kwa ine. Nkhope inali itasintha.

"A Phiri, musasangalale. Munadziwa kuti matumba awa si abwino, n'kulemba 7. Labu ikanapanda kuyeza, akanalowa m'kamwa mwa ana. Kamtanda sikakanawateteza, chifukwa kankalankhula ndi inu nokha. Mukanangolemba kuti mita yafa, bwenzi tatumiza ina tsiku lomwelo."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kukuwa kwa a Nyirenda. Chitsirizira wanga amadya chiponde chomwecho.

Manijala anandipatsa kalata yochenjeza, ndinasaina. Ovolosi ndinamanganso mabatani. Sabata yonse ndinakhala palona ndikusankha nsawa zobwerera imodzi imodzi, zachuku n'kukazitentha kuseri kwa shedi. Msana unauma ngati thabwa. Sindinadandaule.

Mwezi wotsatira kunabwera mamita awiri ndi fomu yatsopano. Ili ndi mabokosi awiri. Lina la nambala ya mita. Lina lili ndi mutu wakuti "Dzino", ndipo woyeza amachongamo ngati thumba likumukayikitsa. Thumba lochongedwa limaikidwa padera ngakhale mita inene kuti ndi louma. Anandizungulitsa mashedi ena kukaphunzitsa anthu kuluma nsawa. Ine wa Giredi 7.

Mayi Tembo tsopano amayang'anira manambala a mashedi onse a kampani, ndipo ali ndi anthu ake pansi pake. Akuti amatha kunena kuti dera liti libweretsa nsawa zonyowa lole isananyamuke. Sindimvetsa mmene amachitira, koma sindikayika. Msika ukamatsegulidwa amandiimbira foni: "A Phiri, dzino likuti bwanji chaka chino?"

Mwezi watha mabatire anatha pakati pa mzere wa alimi, ndipo mita inayo inali ku shedi ina. Matumba asanu anadutsa m'manja mwanga ndisanapeze ena. M'bokosi la dzino ndinachonga zimene dzino linanena. Mabokosi a mita ndinawasiya opanda kanthu, ndipo pansi ndinalemba ndi zilembo zazikulu kuti MITA YAFA. A Nyirenda anati fomu yaoneka yonyansa. Ndinawauza kuti aijambule choncho.