Mapazi Anga Atayamba Kuzima

Ng'iii. Kankalira choncho kachitsulo ka nthambi ziwiri kamene adokotala ena achilendo ankakamenya pachikhatho, n'kukaika pachala chachikulu cha phazi la munthu. Tinali pabenchi pachipatala cha pa esiteti ya tiyi, tonse olandira ma ARV, nsapato zili m'manja. Ine sindinkakhazikika. Ndinkangosinthanitsa mapazi pasimenti.

Ndinali ndi zaka makumi awiri, ndikuthyola tiyi. Kachilombo ndinabadwa nako. Amayi anamwalira mankhwalawa asanafike kuno ku Thyolo, ndipo anandilera ndi agogo, amene botolo langa la mankhwala ankalisunga m'chitini chotseka bwino ngati mbewu.

Mapazi anayamba ngati mukuyenda nyerere, kenako kutentha. Ndikakhala pansi ndinkafuna kuyenda, ndikayenda ndinkafuna kukhala. Tsiku lina chitsa cha tiyi chinandibaya kumunda, koma ndinadziwa nditaona magazi papatapata.

Nditawauza agogo, anandiyang'ana moopsa. "Ukakanena zimenezo akakulanda mankhwala. Amako anafa akuwalira amenewa. Chopatsidwa sachinyoza. Akakufunsa uziti uli bwino."

Ndiye mwezi uliwonse anamwino akafunsa, ndinkati ndili bwino.

Adokotala a kachitsulo aja anali mayi wamfupi, wolankhula Chichewa cha konkuno. Ankati kwawo ndi kwa Chimaliro koma anaphunzira kunja. Sanabwere kudzagawa mankhwala, anabwera kudzafufuza. Ndinawapenyetsetsa akuyeza anzanga. Munthu ankatsinzina, kachitsulo kakamukhudza n'kunena kuti kakunjenjemera, pakapita kanthawi n'kunena kuti kasiya. Ndinawerenga chamumtima: kanthawi kake kankakwana khumi.

Itafika nthawi yanga ndinatsinzina. Ng'iii.

"Kakunjenjemera," ndinatero. Ndinawerenga mpaka khumi. "Kasiya."

"Tibwerezenso, achimwene." Ng'iii.

"Kakunjenjemera."

"Tatsegulani maso."

Kachitsulo kanali m'mwamba, pafupi ndi phewa lawo. Chala changa sanachikhudze n'komwe.

Mayi wina pabenchipo anaphulika kuseka. "Wagwidwa mnyamata wa agogo! Ofatsawa ndiwo akatswiri a bodza."

Ndinayamba kuchonderera. "Chonde adokotala, musandilande mankhwala."

Anakhala pansi pambali panga, naika kachitsulo pamiyendo. Anandiuza kuti m'thupi lonse muli timbaula ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timasandutsa chakudya kukhala mphamvu. Dzina lake mitokondiriya. Iwo chiyambire ntchito akhala akufufuza timeneti basi. Mtundu umodzi wa mankhwala amene tinkamwa unkagonjetsadi kachilombo, koma mwa anthu ena unkazimitsanso timbaulato, ndipo mitsempha yopita kumapazi, pokhala yaitali, ndiyo inkayamba kuzizira.

"Vuto langa ndi inu anthu aulemu," anatero. "Ndayenda zipatala zingapo, aliyense ali bwino, ali bwino. Ndikapita ku Lilongwe ndi mapepala odzaza 'ndili bwino', akuluakulu akandifunsa kuti nanga tisinthirenji? Tsono munditchulire zoona. Mapaziwa anayamba liti?"

Ndinaganiza za agogo ndi chitini chawo. Kenako ndinanena zonse: nyerere zija, moto uja, chitsa chija. Analemba osadukiza, ndipo nditamaliza, mayi wondiseka uja anakweza dzanja. "Inenso ndilembeni, anga anayamba chaka chatha."

Patapita zaka mtundu uja anasiya kuupereka m'dziko lonse. Sindinganene kuti ndi iwo okha anachititsa, ofufuza analipo ambiri. Koma ndinawamvapo pawailesi akutchedwa pulofesa, ndipo dokotala wachinyamata amene amandiona masiku ano amati anamuphunzitsa ndi iwowo kuti wodwala akati ali bwino, uzimuvulitsa nsapato. Mapazi anga sanabwerere onse. Zala ziwiri za phazi lakumanzere ndi zakufa mpaka lero, ndipo ndikamatsika mtunda wa tiyi ndimayang'ana pansi. Koma moto uja sunakwere kufika m'mawondo.

Tsiku limenelo zonsezi sindinkazidziwa. Adokotala anatenga botolo langa lakale n'kulowa nalo m'chipinda cha anamwino. Ndinatsala chimanjamanja. Ndinaimirira, ndinakhala, ndinapita pakhomo, ndinabwerera. Ndikawauza chiyani agogo?

Anatuluka chikwama chili paphewa, galimoto yopita ku Makwasa ikuwaimbira hutala panja. Anandigwira dzanja n'kuikamo botolo lina, la chivindikiro chosiyana.

"Mukawauze agogo kuti sitinakulandeni, tangosintha."

Ndipo anathamangira kugalimoto.