Ulendo wokavomera katemera wa Tisa

Ndinanyamuka ku Mkaika, kuchikamwini kwanga, mame asanaume. Alamu anga anali ataimba foni kuchokera kwathu ku Vubwi kuti anamwino abwera kusukulu ndi katemera wa atsikana, ndipo mawa lake achoka. Za Tisa, mwana wa malemu mlongo wanga Esinati, iwo, ngakhale ndi bambo ake, anakana kugamula okha. "Ine ndine mkamwini chabe, mwini mbumba ndinu. Zotere sitikamba pafoni."

Pa Katete ndinakwera minibasi ya makwacha zana. Kondakitala analumbira kuti watsala munthu mmodzi, koma munthuyo tinamudikira ola lathunthu. Mayi wina wonyamula nkhuku, atamva kumene ndikupita, anapukusa mutu.

"Jakisoni ameneyo amatseka mimba, bambo."

"Ayi amayi," anayankha mtsikana wina wakumbuyo, amene anati ndi mphunzitsi ku Sinda. "Amatchinga kachilombo kopatsirana pogonana, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Amuna amakanyamula osadziwa. N'chifukwa chake amabaya ana asanakule."

Ine ndinangoyang'ana kuwindo.

Masana pa Chipata ndinadya chinangwa chokazinga, n'kukwera kumbuyo kwa lole ya feteleza. Msewu wa ku Vubwi ndimaudziwa ngati chikhatho changa. Kale tinkapalasa njinga mmenemo ndi Esinati kukagulitsa nsawa, iye atakhala pakaliyala, akuimba nyimbo za kwaya molakwitsa dala kuti ndipse mtima. Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri.

Tinadutsa kanjira kena kolowera kumapiri. Mmenemo ndi mmene ndinamutengera Esinati kwa sing'anga atayamba kutaya magazi, chifukwa monga mwini mbumba ndinagamula kuti ndi zaanthu. Tinataya dzinja lonse. Pomwe tinkafika kuchipatala, madokotala anati ndi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo yafalikira.

Ndinafika madzulo, fumbi mpaka m'nsidze. Alamu anandiyalira mphasa.

"Ena akuti Tisa akabayitsa sadzabereka," anatero.

"Ndamva. Koma apite, ndipo ndimuperekeza ndekha."

M'mawa kusukulu ndinali mwamuna ndekha pamzere wa atsikana, iwo akusekera m'manja. Tisa anapinda mkono wa yunifolomu, n'kundifunsa, "Amalume, amama anabayitsako?"

"Nthawi yawo kunalibe, mwanawe."

Sindinaname, koma sindinanene zonse. Pobwerera kunyumba ndinamuuza za sing'anga uja, ndi kuti amene anagamula ndine. Titafika pachigayo, anandipatsa chikwama chake kuti ndimunyamulire, akuti mkono ukuwawa.