Chambo Chimene Woweruza Anakana

Chakufupi ndi Makokola kuli mayi wowamba nsomba dzina lake Dinala, koma mukakafunsa dzina limenelo palibe amene angakulozereni nyumba. Onse amawadziwa kuti Abiti Amidu, ndipo amene anatopa nawo amangoti mayi a mafunso aja.

Sukulu anailekezera sitandade folo, chaka chimene bambo awo anaona kuti mtsikana wodziwa kulemba dzina lake waphunzira zokwanira. Mafunso ndiwo sanalekeze. Makaniko akabwera kudzakonza injini ya boti, iwo ankasiya nsomba pamoto kukafunsa kuti chitsulo ichi chimazungulitsa chiti. Alendo akatsika ndege, ankapanikiza anthu ogwira ntchito kuhotela kuti awauze ngati nzoona kuti munthu amachoka kutali chonchi kudzangogona padzuwa. Amuna awo, malemu Che Atumani, ankadandaula kuti anakwatira wapolisi. Iwo ankangoyankha kuti safunsa anadya phula, n'kufunsa lina.

Chinthu chimodzi chokha sanachifunsepo chifukwa chake, pakuti anachita kuyamwira: kwa wamkulu sapita chimanjamanja. Kwa shehe, kwa mzamba, kwa ahedi pokalembetsa mwana, ankanyamula chambo chowamba, chosankha bwino, chokulunga m'nsalu yoyera. Sichinali chogulira munthu ayi. Chinali chonena kuti ndakuonani kuti ndinu wamkulu, ndipo ine sindinaleredwe kutchire. Pazaka zonse za moyo wawo panalibe amene anawabwezera. Boma nalonso ankaliona ngati khomo la munthu wamitala, nyumba zambiri koma mwini mmodzi, moti ukakondweretsa mwiniyo nyumba zonse zimakutsegulira.

Mwana wawo womaliza, Shakila, anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ali Fomu 4 pasukulu yoyendera, ndipo ankatsogolera kalabu ya ophunzira yokambirana za ufulu ndi udindo wa nzika. M'mwezi wa Epulo minibasi inagunda mwana wa Fomu 1 pamsewu wodutsa pafupi ndi sukuluyo. Mwanayo anapulumuka ngakhale mwendo unathyoka, koma anali wachitatu kugundidwa pamalopo. Ophunzira analemba kalata yopempha mahampu, tizitunda toletsa magalimoto kuthamanga, ndipo onse anasaina. Anadziwitsiratu akuluakulu kuti adzayenda pamsewu kukapereka kalatayo, ndipo Shakila anasunga pepala lodindidwa chidindo losonyeza kuti anadziwitsa. Tsoka ilo, uthengawo sunafike kwa onse oyenera kuumva. Tsiku la ulendo magalimoto anaima, madalaivala anapsa mtima, apolisi anafika n'kutenga atsogoleri atatu. Shakila atatulutsa pepala lake anauzidwa kuti akalionetse kukhoti.

Anatuluka pa belo tsiku lomwelo, ali ndi mlandu wotseka msewu ndi kusokoneza mtendere. Ahedi analamula kuti atatuwo asaponde pasukulu mpaka mlandu utatha. Mayeso a Fomu 4 anali atatsala milungu khumi, ndipo khoti linati mlandu udzalowa pakatha milungu iwiri. Abiti Amidu anachita mantha kwambiri. Mwa ana awo asanu ndi mmodzi, uyu yekha ndiye anafika Fomu 4, ndipo tsiku lililonse lokhala pakhomo ankaliona likudya mayeso a mwanayo.

Anakulunga chambo n'kupita kwa phungu wa dera lawo. Phunguyo analandira ndi manja awiri, anayamikira kawambidwe kake, n'kuwapatsa mpando.

"Bwana, mwana wanga boma lamugwira," anatero Abiti Amidu. "Boma ndinu, tinakuvoterani tokha. Kauzeni anyamata anu amusiye."

"Amayi, ife ku Nyumba ya Malamulo timapanga malamulo," anayankha phungu. "Oyendetsa zinthu, monga apolisi, misewu ndi masukulu, ndi nthambi ina. Oweruza ndi nthambi inanso. Ine nditangoimba foni kwa woweruza, mawa mudzamva dzina langa pawailesi."

"Nanga wamkulu ndani pa atatu inu?"

"Palibe woposa mnzake."

"Nyumba yopanda wamkulu imayenda bwanji?"

"Timayang'anirana. Wina akalumpha malire, anzake amamubweza."

Anafunsa mafunso ena asanu mpaka phungu anayamba kusuzumira wotchi. M'minibasi pobwerera anaitafuna nkhaniyo bwinobwino, ndipo inawakomera, chifukwa zachilendo zimawakomera. Koma chimene anatolapo ndi ichi: ngati aliyense ali ndi khomo lake, ndiye kuti chambo chija chinalakwa khomo.

Kupeza nyumba ya woweruza kunawatengera masiku atatu, ndipo ntchito yotereyi ndiyo anabadwira. Anafunsa akabaza oima pansi pa mtengo pafupi ndi khoti, akabazawo anawalozera kwa mayi wogulitsa masamba, mayi wa masamba anatchula mtundu wa geti. Loweruka m'mawa anasankha chambo ziwiri zazikulu, zimene anaziwamba pamoto wodekha mpaka zinafiira ngati uchi. Kwa Shakila anangoti akukaona azakhali ake paboma.

Ankayembekezera bambo wa chimimba ndi mawu aakulu. Anapeza mayi wamng'ono, msinkhu wa mwana wawo woyamba, atavala chitenje ndi masilipasi, akuyanika zovala. Abiti Amidu anagwada, anapereka moni, n'kufunsa kaye ngati woweruza amachapa yekha. Mayiyo anaseka n'kuvomera. Koma atamva dzina la Shakila, n'kuona manja akumasula mfundo ya nsalu, kuseka kunatha.

"Musamasule, mayi."

"Simunaone n'komwe, bwana. Ndi kansomba chabe, ka ulemu."

"Ndikudziwa kuti ndi ulemu. Amayi anga nawonso sayenda chimanjamanja. Koma ndikalandira chambo lero, mawa wina akabwera ndi mbuzi, inu mudzaima pati? Nanga amene alibe ngakhale usipa?"

Abiti Amidu anaisiya mfundo ya nsalu ija. Pakamwa panatuluka funso. "Nanga inuyo nsomba mumadya ya ndani?"

"Ndimagula pamsika ngati wina aliyense. Mayi, zimene mwachitazi ena amamangidwa nazo. Za mwana wanu musandiuze chilichonse pano. Nyamulani, mupite bwino."

Anatuluka pageti nsomba zija zili m'manja. Manyazi amene anawagwira sanawamvepo chibadwire, chifukwa kwawo kubwezeredwa mphatso kumatanthauza kuti akukuyesa mfiti. Kubwerera nazo kunyumba sakanatha, choncho anapatsa wakabaza amene anawanyamula, ndipo munthuyo anawadalitsa njira yonse osadziwa kuti akudalitsa chiyani. Sanauze aliyense. Ankaganiza kuti nkhaniyo yathera pageti pomwepo.

Tsiku la mlandu khoti linadzaza ndi makolo. Woweruza analowa atavala zakuda, ndipo Abiti Amidu anavutika kukhulupirira kuti ndi mayi wa masilipasi uja. Asanatsegule fayilo analankhula modekha.

"Loweruka lapitali kholo la mmodzi mwa oimbidwa mlandu linabwera kunyumba kwanga ndi mphatso ya nsomba. Sindinalandire, ndipo sindikukhulupirira kuti linali ndi mtima woipa. Koma chigamulo chilichonse chimene ndingapereke pano, wina adzati chanunkha nsomba. Ndikuchoka pamlanduwu, auzenga mnzanga."

Kalaliki anatsegula buku, anatembenuza masamba, anatembenuzanso. Tsiku loyamba lopezeka kwa woweruza winayo linali pakatha milungu isanu. Dzina silinatchulidwe, koma m'khotimo munali kholo limodzi lokha lowamba nsomba, ndipo makosi onse anadziwa kotembenukira. Shakila yekha ndiye sanatembenuke.

Panja makolo a ana awiri enawo anawadutsa osapereka moni. Shakila anadikira mpaka atafika pamsewu, pamene mayi ake anamuululira zonse zimene anachita.

"Amama, pepala lachidindo lili m'chikwamamu. Lero lomwe tikanamasuka, mawa ndikanakhala m'kalasi."

"Ndimafuna kukuthandiza, mwananga."

"Mwafunsa phungu, mwafunsa akabaza, mwafunsa wamasamba. Ine ndimagona nanu nyumba imodzi, ndipo zimenezi ndi zimene ndimaphunzitsa anzanga kukalabu Lachitatu lililonse."

Zinali zoona, ndipo zinawawa chifukwa zinali zoona. Abiti Amidu anakula akudziwa kuti mafunso amakwera, kuchoka kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu kapena kwa mlendo. Kufunsa mwana wobereka wekha za boma sikunawabwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

Milungu isanuyo Shakila anaithera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, akukopera manotsi a anzake. Masamu ndi sayansi sizimalowa bwino pokopera, ndipo masana ena mayi ake ankamuona atagwira tsaya buku lili chotsegula. Iwo, posowa powayika manyazi awo, anayamba kupita kukhoti. Akapereka nsomba kwa ogula paboma, ankalowa n'kukhala pabenchi yakumbuyo. Poyamba ankadikira kuti wina awathamangitse, koma mesenjala anawauza kuti khoti ndi la aliyense. Anaona woimbidwa mlandu akufunsa wapolisi mafunso, wapolisiyo n'kumayankha. Anaona bambo wina wogulitsa mbuzi, wong'ambika kolala, akupambana mlandu umene boma linamuimba, ndipo palibe amene anamutsatira panja kukamugwiranso kapena kukamupempha kanthu. Zimenezi zinawazunguza mutu masiku angapo. Mesenjala uja anafika pomabisala akawaona akubwera.

Tsiku lachiwiri la mlandu anapeza woweruza wachikulire, wa imvi, wosachedwa ndi mawu. Shakila anaimirira, anapempha chilolezo, n'kupereka pepala lake. Woweruza analiwerenga, anayang'ana chidindo ndi tsiku, anafunsa wapolisi ngati panaponyedwa mwala kapena panasweka kanthu. Wapolisi anati ayi. Woweruza ananena kuti malamulo aakulu a dziko amalola anthu, ngakhale ophunzira, kusonkhana mwamtendere ndi kukapereka madandaulo awo, ndipo ana amenewa anatsata njira yake. Anawamasula onse atatu. Mlandu umene unadya milungu isanu ndi iwiri unatha ola lisanakwane, ndipo kufulumira kwakeko ndiko kunawapweteka kwambiri Abiti Amidu. Pa milungu khumi ija panatsala itatu.

Madzulo a tsiku lomwelo dzuwa likadalipo, anasamba m'manja kuchotsa fungo la utsi, anatenga mkeka n'kupita kuseri kwa nyumba. Shakila anali atayala mabuku, akulemba mndandanda wa mitu imene anzake anaphunzira iye kulibe. Mndandandawo unali utadzaza tsamba ndi theka. Mayi ake anakhala pansi patali pang'ono, monga amakhalira munthu amene wabwera kwa wamkulu. Anali ndi mafunso ambiri amene anawasunga kuchokera pabenchi yakumbuyo ija: amene amaweruza woweruza akalakwa, ngati lamulo loipa lingafafanizidwe, ndiponso ngati mayi wowamba nsomba angalembe kalata yake ya mahampu n'kuidinditsa.

"Shakila, ndiphunzitseko za nthambi zitatu zija. Ndikufuna ndimve kwa iwe."

Mtsikanayo anakweza maso. Munalibe mkwiyo m'maso mwake, munali kutopa kokha.

"Ndilibe nthawi, Amama. Mayeso ali pafupi."

Abiti Amidu anagwedeza mutu, anapinda mkeka wawo mwakachetechete. Pobwerera anapirikitsa nkhuku zimene zinkasokosa pafupi ndi mtengowo, n'kukauza ana a oyandikana nawo kuti kwa milungu itatu akasewerere kutali.